Ulendo wa M'chilimwe M'mizinda Yathu Inayi

Sukulu zikatsekera tchuthi chachikulu, chisanu cha Julayi chikayamba kuzilala, ndipo mitengo ya m'tchire ikayamba kuyoyola masamba, aliyense amadziŵa kuti chilimwe chafika pakhomo. Iyi ndi nyengo imene misewu imauma, mitsinje imaphwa, zokolola zimakhala zili m'nkhokwe, ndipo munthu amene wagwira ntchito chaka chonse angathe kuyendako osaopa kuti mvula imtsekera njira. Lero tafuna kukamba nanu, aŵerengi athu, makamaka inu aphunzitsi ndi inu ogwira ntchito m'boma, za m'mene nyengo imeneyi ingatipindulire.

Tiyambe ndi kuulula kanthu. Titangotuluka ku koleji ya aphunzitsi, tidatumizidwa ku sukulu ina ya kumudzi m'chigawo cha Kummwera, kumene tidapatsidwa Sitandade 7. Tsiku lina tidajambula mapu a Malaŵi pa bolodi, nitiika timadontho tinayi ta mizinda, ndi kufotokoza mwamphamvu za mapiri a Viphya ndi nkhalango ya Chikangawa. Titatsiriza, kamnyamata kena ka kumbuyo kadatukula mkono nikafunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi inuyo mudafikako ku Mzuzuko?" Tidayankha zoona, kuti sitidafikeko. Ana onse adangoti zii, ndipo m'maso mwawo tidaona kuti phunziro lija lachepa mphamvu.

Funso la mwana uja latitsata zaka zonsezi. Inde, pambuyo pake tidafika ku Mzuzu kangapo pa ntchito, koma kunali kufika kwa usiku, kuloŵa m'chipinda cha msonkhano m'maŵa, ndi kubwerera tsiku lachitatu tisadaone ngakhale msika. Ambiri a inu a m'maofesi mukudziŵa ulendo wa mtundu umenewu: munthu amazungulira dziko lonse, koma chimene amabwera nacho ndi pepala losainira ndalama za ulendo basi. Nchifukwa chake tchuthi chapitachi tidagwirizana anthu anayi, ife pamodzi ndi aphunzitsi aŵiri ndi mnzathu wina wogwira ntchito m'boma, kuti tiyende pa galimoto kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Zomba ndi ku Lilongwe, mpaka ku Mzuzu, mtunda wa makilomita oposa 700. Tidapangana kuti mu mzinda uliwonse tichite zinthu zitatu: tionere maseŵera, tionere zisudzo kapena oyimba, ndipo tidye chakudya cha eni dera.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndi kuti mwa anthu 100 alionse, 84 amakhala kumudzi. Lilongwe idapezeka ndi anthu pafupifupi 990,000, Blantyre 800,000, Mzuzu 221,000 ndipo Zomba 105,000. Tsono ana ambiri amene inu aphunzitsi mumaimirira pamaso pawo amaidziŵa mizinda imeneyi kudzera m'kamwa mwanu. Ngati inuyo simudaione, iwo aionera kuti?

KUKONZEKERA

Ndalama tidasonkha kwa miyezi inayi, monga achitira a chipereganyu, kuti malipiro a mwezi umodzi asaphwanyike ndi kusiya ana pa njala. Galimoto tidaipititsa kwa makanika kuti aone mabuleki, matayala ndi magetsi. Mizere ya mafuta imene tidaiona kuyambira m'chaka cha 2022 idatiphunzitsa kuti wapaulendo asamadutse pa malo omwetsera mafuta thanki ili pakati, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Tidapangananso malamulo aŵiri amene sitidawaphwanye: sitiyenda usiku, ndipo amene agwire chiwongolero maŵa asalaŵe moŵa lero.

BLANTYRE

Tidayambira ku Blantyre, pakuti ndiwo mzinda wakale koposa yonse. Amishoni a ku Scotland adaukhazikitsa m'chaka cha 1876, nautcha dzina la kwawo kwa David Livingstone. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, munthu amene sadaphunzire ntchito ya zomangamanga, ndipo njerwa zake adaumba ndi kuotcha ndi makolo athu pomwepo. Nyumba ya Mandala, ya m'chaka cha 1882, ikadalipobe, ndipo dzina lake lidachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa oyendetsa kampani ya African Lakes. Mnzathu wina wakhala mu mzindawu zaka khumi, koma pakhomo pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri adaponda koyamba tsiku limenelo, ndipo adavomera ndi manyazi.

Koma mtima wa Blantyre uli pa mpira. Mzindawu udagaŵika paŵiri kuyambira kale: ofiira a Bullets, amene adayamba m'chaka cha 1967, ndi obiriŵira ngati thambo a Wanderers, amene adayamba mu 1962. Pa minibasi, pa malo ometera, ngakhale pa maliro, Maule ndi Manoma satha kukhala osatolana. Bwalo la Kamuzu, limene kale linkatchedwa Rangeley, ndi pamene mbendera ya dziko lino idakwezedwa koyamba pa 6 Julayi 1964. M'chaka cha 1978 ndi cha 1988 timu ya dziko lino idatenga chikho cha kummaŵa ndi pakati pa Africa ikuseŵera kwathu konkuno, ndipo mu 1979 idakachitengera ku Kenya. Mayina ngati a Kinnah Phiri akadali pakamwa pa akuluakulu. Tidaima kunja kwa bwaloli ndi kuliyang'ana: lakalamba, ndipo si kamodzi kokha pamene latsekedwa kuti likonzedwe. Mtundu umene umakonda mpira chotere suyenera kusiya nyumba ya mpirawo kuti iziwonongeka.

Masana ake tidakaonera atsikana a m'sukulu akupikisana pa mpira wa manja. Tikuti kwa inu aphunzitsi a zamaseŵera: musapeputse bwalo lafumbi la kuseri kwa kalasi. Pa mabwalo otero ndi pamene padachokera atsikana amene adaika Malaŵi pa nambala 5 pa dziko lonse ku Auckland mu 2007, ndi kugonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53 pa maseŵera a Commonwealth mu 2018. Mwawi Kumwenda adasankhidwa kukhala woseŵera bwino koposa onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney mu 2015, koma asadafike kumeneko padali mphunzitsi wina amene adamponyera mpira woyamba.

Madzulo tidaloŵa mu holo ina kukaonera seŵero la achinyamata. Blantyre ndi kwawo kwa zisudzo: kuno ndi kumene malemu Du Chisiza Jnr adautsa gulu la Wakhumbata, ndipo ndi kuno kumene a Kwathu, pamodzi ndi malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene tonse tinkawadziŵa kuti Izeki ndi Jakobo, ankadzaza maholo. Seŵero lija linali labwino, koma tidaona chinthu chimene chidatikhumudwitsa. Ana a sukulu ndi amayi ogulitsa mandasi adalipira pakhomo, pamene amuna angapo ovala masuti adangotchula maudindo awo naloŵa ulere, nakakhala mipando ya patsogolo. Akuluakulu, udindo si tikiti. Wosalipira pakhomo ndi amene amapha luso, ndipo maŵa ndi yemweyo amene adzaimirire pa maliro a woyimba nkumadandaula kuti wafa wosauka.

Za chakudya, tidasiya mahotela ndi kuloŵa mumsika. Tidadya nsima ya mgaiŵa, nkhuku yachikuda ndi mkhwani wotendera, pambali pali kambuzi. M'chaka cha 2017 bungwe la UNESCO lidalemba nsima ndi mwambo wa kaphikidwe ndi kadyedwe kake m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse. Nzodabwitsa tsono kuti alipo malo ena odyera amene amaika nsima kumapeto kwa mndandanda wa zakudya, ngati mwana wamasiye, pamene alendo ochokera kunja akufunafuna yomweyo.

ZOMBA

Kuchokera ku Blantyre kufika ku Zomba ndi mtunda wosapitirira makilomita 70, kudzera pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe. Zomba lidali likulu la dziko lino mpaka m'chaka cha 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo idapitiriza kukumana komweko mpaka 1994. Mzindawu uli ngati nkhalamba yaulemu imene idapuma pa ntchito koma sidataye ulemu wake: nyumba zakale za boma, mitengo italiitali, chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, ndi munda wa mitengo ndi maluŵa m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi.

Tidakwera phiri m'maŵa. Nsonga yake ipitirira mamita 2,000, ndipo mpweya wake ngozizira ngakhale pansi kukutentha. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa sitiroberi, mabulosi ndi zipatso zina za m'phiri m'timbale. Tidaima pa damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wonse, ndiponso pa malo otchedwa Emperor's View, pokumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene idacheza m'dziko muno mu 1965. Poima pamenepo, mphunzitsi mnzathu wa jogalafe adaona ndi maso ake zimene wakhala akujambula pa bolodi: chigwa cha Phalombe, phiri la Mulanje chapatali, ndi nyanja ya Chilwa ikunyezimira. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ngosaya. Idaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo idatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Matemba amene tidadya masana ake ndi mpunga wa ku Domasi adakoma mwa mtundu wina titadziŵa kuti nyanja yake ingathe kusoŵa chaka chimene mvula yavuta. Tidaonanso zigamba za phiri zopanda mtengo ndi utsi wa makala ukufuka. Damu silingasunge madzi ngati phiri lameta mpala.

Zomba ndi mzinda wa maphunziro. Chancellor College idasamukira kuno mu 1973, ndipo gulu lake la zisudzo loyendayenda lidafikitsa maseŵero m'midzi ndi m'sukulu zambiri. Amene tidakula tikupikisana pa zisudzo za ATEM tikudziŵa kuti mwana wamanyazi amamasuka lilime akapatsidwa mbali m'seŵero. Ndi kunonso kumene akaidi a ndende yaikulu adajambula nyimbo zimene zidafika pa mndandanda wa opikisana pa mphotho ya Grammy mu 2016. Ngati luso lingaphuke m'ndende, lingalephere bwanji m'sukulu yanu?

Pano tiyenera kusimba chovuta chimodzi. Pa malo ena odyera a m'mbali mwa msewu, amene sitiwatchula, tidapeza beseni limodzi la madzi osamba m'manja, limene aliyense ankaviikamo. Atatu tidakana ndi kusamba ndi madzi a m'botolo lathu, koma mnzathu mmodzi adati njala siidikira. Usiku wonse sadagone, ndipo tsiku lotsatira lidathera pa chipatala. Adachira, koma tidakumbuka kuti mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wapaulendo ayang'ane zinthu zitatu asadakhale pansi: madzi oyenda osambira m'manja ndi sopo, chakudya chotentha chochokera pamoto, ndi chimbudzi. Safunsa adadya phula.

MSEWU WA KU LILONGWE

Msewu wochokera ku Zomba umatsikira ku Liwonde, kumene umaoloka Shire pa baraji imene idamangidwa mu 1965 kuti iziwongolera madzi opita ku makina opangira magetsi kumunsi kwa mtsinjewu. Pamenepa mpamene ana ayenera kumva kuti nyali ya m'nyumba mwawo imayamba ndi mvula yogwa m'mapiri a kumpoto, imene imadzaza nyanja, nyanja nkutsanulira mu Shire. Kutentha kwa Liwonde ndi Balaka m'chilimwe nkosasimbika, ndipo milambe imaima mbuu, yopanda tsamba. Balaka ndi kwawo kwa Alleluya Band, imene idayamba mu 1978, ndiponso kwa malemu Lucius Banda, amene adatisiya pa 30 Juni 2024. Tauni yaing'ono yafumbi imeneyi idapatsa dziko lonse kayimbidwe kake, umboni wakuti luso silisankha mzinda waukulu.

Pa msewu wa M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe pali malo aŵiri olipirirapo, pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, amene adatsegulidwa mu 2021 ndi 2022. Woyenda asunge ndalama zake pafupi, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo zikukonza msewu uti. Kuchokera ku Ntcheu msewu umakwera, ndipo kwa mtunda wautali umayenda m'malire enieni: dzanja lamanja Malaŵi, lamanzere Mozambique. Pa Lizulu munthu amagula kabichi m'dziko lina ndi kukalandira chenji m'dziko lina, chilankhulo chili chimodzimodzi. Mbatata ya kacheŵere, anyezi, tomato, karoti ndi nyemba zimaunjikidwa milumilu, ndipo zambiri mwa ndiwo zimene a m'mizinda amadya zimadzera pamenepa. Tidagula, koma sitidanenerere mpaka kumliza mlimi, monga achitira ena a galimoto zazikulu amene amalimbana ndi mayi wosauka pa ndalama imene sangaiŵerenge nkomwe akaloŵa mu hotela.

Anyamata ogulitsa mbeŵa zapanidwa pa timitengo amaima m'mbali mwa msewu nyengo imeneyi. Aŵiri mwa ife adadya mokondwa, aŵiri adayang'ana kumbali, ndipo nkhani ya mbeŵa idatifikitsa ku Dedza tikuseka. Koma kuseri kwa ndiwo imeneyi kuli lupsa: tchire lotenthedwa dala, limene limapsereza udzu wofolerera nyumba, timitengo tating'ono ndi chonde cha m'nthaka. Mbeŵa ikumbidwe ndi khasu, osati ndi machesi.

Dedza ndi tauni yozizira, yokhala pamwamba kuposa matauni ena onse m'dziko muno. Pafupi pake pali mapanga a Chongoni, malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala za Akafula ndi za Acheŵa, amene UNESCO idawalemba m'kaundula wake mu 2006, chaka chimodzi chitapita chilembere Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Sukulu zambiri zili pa mtunda wa ola limodzi kuchokera pa malo ameneŵa, komabe ana ake amangowaŵerenga m'buku la mbiri yakale.

LILONGWE

Lilongwe ndi mzinda wochita kukonza pa pepala, wa madera oŵerengedwa ndi manambala, ndipo mlendo amasokera akaganiza kuti madera onse amayandikana motsatana manambala awo ngati ana a sukulu pa mzere. Uli ndi nkhope ziŵiri: Old Town ya phokoso, misika ndi mashopu, ndi City Centre ya maofesi, Capital Hill ndi Nyumba ya Malamulo yatsopano imene idatsegulidwa mu 2010. Mnzathu wa m'boma ankadziŵa khomo lililonse la ku Capital Hill, koma nkhalango yosungiramo nyama imene ili pakati penipeni pa mzindawu adali asadaloŵemo.

Loŵeruka masana tidakaonera mpira wa ligi yaikulu pa bwalo la Bingu, limene lidatsegulidwa mu Januwale 2017 ndipo limaloŵa anthu pafupifupi 41,000. Lilongwe ndi kwawo kwa Silver Strikers, Civil Service United, Blue Eagles ndi Kamuzu Barracks, ndipo masiku amene chikho cha ligi chinkangozungulira mu Blantyre adapita. Tidakhala pakati pa anyamata oimba ng'oma ndi malipenga, ndipo pambali pathu padali bambo wina ndi ana ake aakazi aŵiri, amene ankatchula mayina a Tabitha ndi Temwa Chawinga ngati abale awo. Nzosadabwitsa: mu 2023 timu ya amayi ya dziko lino idatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2 kwa 1, ndipo mu 2024 Temwa adasankhidwa kukhala woseŵera wopambana mu ligi ya amayi ya ku United States. Anyamata nawo amakumbukabe chigoli cha kutali chimene Gabadinho Mhango adamwetsa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, pamene Flames idafika koyamba m'ndime ya matimu 16 a chikho cha Africa.

Koma poloŵa pa chipata cha bwalo limeneli, munthu woganiza sangaiŵale za pa 6 Julayi 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa popanikizana pa tsiku lokondwerera ufulu. Inu aphunzitsi amene mudzatenge ana kukaonera mpira, fikani msanga, muŵerenge ana anu poloŵa ndi potuluka, ndipo musawalole kuthamangira pa chipata pamene pali chikhamu. Inu akuluakulu oyang'anira mabwalo, tsegulani zipata nthaŵi ikadalipo. Chisangalalo chimene chithera m'maliro si chisangalalo.

Usiku tidakamvera oyimba pa malo ena, titadya kanyenya wa mbuzi ndi tchipisi cha pa chiŵaya. Achinyamata a lero akusakaniza magitala a makono ndi kamvekedwe ka manganje, tchopa ndi vimbuza, ndipo ife a zaka za m'ma 40 tisafulumire kunena kuti nyimbo zidatha ndi a Kachamba ndi a Namoko. Amene ali ndi mpata chakumapeto kwa chilimwe akafike ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene chikondwerero cha Tumaini, chimene chidayamba mu 2014, chasonyeza kuti ngakhale othaŵa kwawo ali ndi mphatso yopatsa eni dziko.

ULENDO WA KUMPOTO

Kuchokera ku Lilongwe msewu umadutsa Mponela ndi Madisi, m'minda ya fodya ndi mtedza, mpaka ku Kasungu, kenaka ku Jenda, kumene Chitumbuka chimayamba kumveka pamsika. Tidaphunzira kupereka moni ndi kuthokoza m'chilankhulo cha eni dera, ndipo nkhope za amayi ogulitsa tomato zidamasuka nthaŵi yomweyo. Ulemu wotere sugulidwa ndi ndalama.

Titapitirira mphambano ya ku Mzimba, tidayamba kukwera mapiri a Viphya, ndipo apa mpamene ngongole ya mwana wa Sitandade 7 uja idabwezedwa. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idabzalidwa ndi cholinga chodzapangira mapepala, ndipo idali imodzi mwa nkhalango zobzala zazikulu koposa mu Africa. Fakitale ya mapepalayo sidamangidwe. Zimene tidaona ndi maso ndi mbali zina za mitengo ya paini yokongola, yobzalidwanso, ndi mapiri ena ambiri a zitsa zokhazokha ndi zipsera za moto. Tikadapitiriza kuphunzitsa za m'buku lakale lija, bwenzi tikuuza ana za nkhalango imene mbali yake yaikulu kulibenso. Mphunzitsi wosayenda amaphunzitsa dziko la dzana.

Msewu wa m'mapiri ameneŵa ngokhotakhota, nkhungu imagwa mwadzidzidzi, ndipo malole a matabwa amayenda pang'onopang'ono. Tayala lathu lidaphulika pa chitunda china, ndipo tidathokoza kuti kudali kukadali masana ndi kuti lapadera lidali ndi mpweya. Kuthamanga si kufika.

MZUZU

Mzuzu ndi mzinda wamng'ono m'zaka. Udayamba m'chaka cha 1947 ngati malo a esiteti ya mitengo ya tung, ndipo udalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Yunivesite ya Mzuzu idakhazikitsidwa pa malo amene kale padali koleji ya aphunzitsi, ndipo ife a ntchito ya choko tidaima pa chipata chake ndi mtima wonyada. Mzindawu ngobiriŵira ngakhale m'chilimwe, ndipo madzulo ake amafuna juzi.

Pa bwalo la Mzuzu, kwawo kwa Moyale Barracks, mpira umaoneredwa pafupi, moti mawu a wochemerera amafika m'khutu mwa woseŵera. Matimu a kuno amayenda mitunda italiitali kukaseŵera ku Blantyre ndi kubwerera, ndipo ife amene tidangoyenda njira imodzi yokha tidayamba kuwapatsa ulemu wina. Ku msika wa Taifa tidagula zitenje za ku Tanzania. Tidamwa khofi wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a m'mapiri a Misuku, Phoka ndi Viphya, tidadya mpunga wonunkhira wa Kilombero wa ku Karonga, ndiponso mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama. Chimene chidatigonjetsa ndi kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa, yomata ndi yolemera, imene tidadya ndi batala ku Nkhata Bay. Mnzathu amene ankanena kuti chakudya ndi nsima ya chimanga basi adapempha mtanda wachiŵiri. M'zaka zimene chimanga chikukanika kaŵirikaŵiri chifukwa cha ng'amba, phunziro la mbale imeneyi si laling'ono.

Pobwerera tidatsata msewu wa m'mphepete mwa nyanja, kudzera ku Chintheche, kumene chikondwerero cha Lake of Stars chidayambira mu 2004, ku Dwangwa, ku Nkhotakota ndi ku Salima. Paliponse tidafunsa chambo, ndipo paliponse tidapeza chochepa, chaching'ono ndi chodula. Asodzi eni ake amanena kuti maukonde a maso aang'ono, ngakhale masikito amene adaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo, akusesa ndi ana a nsomba omwe. Wapaulendo amene agula kasawala, kapena kugula chambo m'nyengo yoletsedwa imene imayamba mu Novembala, akudya mbewu. Anthu a kwa Makanjira ku Salima akhala akutseka chilumba cha Mbenje miyezi ingapo chaka chilichonse kuyambira kale, ndipo nsomba zawo zikadalipo. Nzeru tili nazo kale. Chosoŵa ndi kumvera.

MAWU OTSIRIZA

Alipo amene anganene kuti ulendo wotere ngwa anthu a ndalama, ndipo sitikana kuti malipiro a mphunzitsi ngochepa, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu 2022 ndi 2023. Koma sikofunika kuyenda mizinda inayi nthaŵi imodzi. Aphunzitsi a sukulu imodzi angathe kusonkha chaka chonse, kukwera basi, kugona kwa anzawo a ntchito kapena m'nyumba za alendo za mipingo, ndi kuona mzinda umodzi chaka chino, wina chaka chamaŵa. Ndalama imene imathera pa malo omwera mwezi ndi mwezi ingathe kumfikitsa munthu ku Zomba ndi kubwerako.

Kwa akuluakulu a makhonsolo tikuti: mlendo safuna zambiri. Afuna chimbudzi chaukhondo pa msika ndi pa depoti, madzi pa malo odyera, chikwangwani cholozera njira, ndi bwalo la maseŵera limene silidagulitsidwe kuti pamangidwe mashopu. Kwa a maphunziro tikuti: ulendo wa ana wokaona malo usaonedwe ngati kutaya nthaŵi, pakuti tsiku limodzi pa phiri la Zomba liphunzitsa zimene teremu yonse singathe. Ndipo kwa aliyense woyenda tikuti: mlendo ndi mame. Lipirani pakhomo, lemekezani eni dera, musataye mabotolo ndi mapepala pa windo la galimoto, ndipo mubwere ndi kanthu kouza ana.

Kamnyamata kaja lero ndi munthu wamkulu, mwina ali ndi ana ake pa sukulu. Ngati nyuzipepala ino ingamfike, tikumuyankha tsopano, ngakhale mochedwa: inde, tidafikako, ndipo tidaona. Inu aphunzitsi anzathu, sukulu zikadzatsegulira, funso lomwelo likudikirani m'kalasi. Mudzayankha chiyani?